Mabungwe akale oiwalika a mu Blantyre: mmene mungawazindikirire pamene zilembo, zizindikiro ndi mayina zikukusokonezani

Anthu amene amafufuza mbiri ya mabanja awo kapena ya mzinda wa Blantyre amakumana kawirikawiri ndi vuto lopeza umboni wa bungwe limene palibe amene akulikumbukira. Umboniwo umakhala mendulo yotsalira m'sutikesi ya malemu, chithunzi cha amuna atavala maepuloni ndi malamba opingasa pachifuwa, khadi la umembala lodyeka ndi chiswe, zilembo zitatu kapena zinayi zozokotedwa pachiliza, kapenanso mzere umodzi wa m'nyuzipepala yakale wonena kuti maliro a uje anaperekezedwa ndi abale ake a kuloji (loji ndi nthambi ya bungwe la ubale, monga la a Freemason). Wofufuzayo akafunsa akuluakulu, iwo amangopukusa mutu. Akalemba zilembozo pa intaneti, amalandira mayankho a ku America amene sakukhudzana ndi Nyasaland. Ndipo pomaliza amangolemba kuti linali gulu lachinsinsi, n'kusiyira pomwepo.

Kuthamangira kunena kuti gulu linali lachinsinsi ndi kumene kumaimitsa kafukufuku wambiri. Mabungwe a ubale, ngakhale amene ankabisa miyambo yawo, sakanatha kubisa ndalama zimene mamembala ankasonkha, malo ndi tsiku lokumanirana, ndiponso mayina a atsogoleri awo. Msonkhamsonkha umafuna msungichuma, buku ndi risiti. Holo imafuna lendi kapena chikalata cha malo. Ndipo nthambi iliyonse imene inali pansi pa likulu lakunja inkatumiza kumeneko ndalama pamodzi ndi mayina a anthu olowa kumene. Choncho m'malo mofunsa zimene ankachita atatseka chitseko, funsani kuti ndalama zawo ankapereka kwa yani ndipo zinkathera kuti. Njira zonse zimene zili m'munsimu zatsamira pa funso limeneli.

Ngati chinthucho chilibe chaka

Musanayese kumasulira chizindikiro chilichonse, pezani zaka zimene chinthucho chinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito, chifukwa zimenezi zokha zimachotsa mabungwe ambiri pa mndandanda wa amene mukuwaganizira. Dzina la dziko ndi poyambira pabwino: British Central Africa linagwiritsidwa ntchito mpaka 1907, Nyasaland kuyambira 1907 mpaka 1964, ndipo mawu akuti Rhodesia and Nyasaland pasitampa kapena pamutu wa kalata amaloza zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963. Ngati msonkho wa pamwezi walembedwa m'mashiling'i ndi mapeni, khadilo ndi lakale kuposa 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi. Keyala yolemba Blantyre-Limbe ngati tauni imodzi siingakhale ya chaka cha 1956 chisanafike, pakuti ndi m'chaka chimenecho pamene matauni awiriwa anaphatikizidwa. Kalembedwe ka mayina a malo nakonso kamathandiza, monga Mlanje, Cholo, Port Herald ndi Fort Johnston m'malo mwa Mulanje, Thyolo, Nsanje ndi Mangochi. Ndipo malamulo a bungwe amene akutchula chinenero chathu kuti Chinyanja nthawi zambiri amakhala a chaka cha 1968 chisanafike.

Mendulo ya siliva yopangidwa ku Britain imakhala ndi tizidindo ting'onoting'ono kumbuyo, timene timaoneka bwino mukajambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Nangula amasonyeza Birmingham, mutu wa nyalugwe umasonyeza London, nyumba yachifumu ya nsanja zitatu imasonyeza Edinburgh, ndipo pambali pake pamakhala chilembo chimodzi choimira chaka. Chenjerani kuti chaka chimenecho ndi chimene chitsulocho chinadindidwa, osati chimene mwini wake anachilandira, chifukwa maloji ankatha kupereka mendulo imodzi kwa anthu angapo motsatizana.

Ngati pali zilembo ndi nambala zimene sizikumveka

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, ndipo pamenenso pamapezeka mayankho odalirika kwambiri. Chizindikiro cha sikweya ya mmisiri yopingasana ndi kampasi ndi cha a Freemason, koma kudziwa zimenezo sikukwanira, chifukwa maloji awo m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain anali pansi pa malikulu atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi kaundula wake. Zilembo S.C. pambuyo pa nambala zikutanthauza kuti lojiyo inalandira chilolezo ku Grand Lodge of Scotland ku Edinburgh, E.C. ndi ya ku United Grand Lodge of England ku London, ndipo I.C. ndi ya ku Grand Lodge of Ireland ku Dublin. Popeza Blantyre anakula mozungulira mishoni ya Church of Scotland ya mu 1876 ndi kampani ya African Lakes, imene inalemba ntchito anthu ambiri a ku Scotland, n'zosadabwitsa kuti loji yakale yodziwika mumzindawu, Lodge Nyasa No. 956 ya mu 1903, ndi ya ku Scotland. Amene amalembera kalata ku London kufunsa za membala wa loji imeneyi amayankhidwa kuti dzinalo mulibe m'mabuku, ndipo amaganiza molakwika kuti munthuyo sanali membala.

Ngati zilembo za likulu zafufutika, udindo wa mtsogoleri ungakuuzeni. Mkulu wa loji ya ku Scotland amalembedwa R.W.M., pamene wa loji ya ku England amalembedwa W.M. basi; P.M. ndi munthu amene anakhalapo pampando n'kutsika. Nambala nayo imalankhula, chifukwa manambala amaperekedwa motsatizana malinga ndi nthawi imene chilolezo chinatuluka. Pamene zaka za m'ma 1900 zinkayamba, manambala a ku England anali atapitirira kale 2,000 pomwe a ku Scotland anali asanafike 1,000, kotero loji yatsopano ya nthawi imeneyo yokhala ndi nambala ya madijiti atatu siingakhale ya ku England. A ku Ireland ankaperekanso manambala a maloji otsekedwa kwa maloji atsopano, ndiye nambala yawo payokha siingakuuzeni chaka.

Chinthu china chimene chimazunguza ambiri ndi chaka chooneka ngati chosatheka pa zikalata za a Freemason, monga A.L. 5921. Chotsani 4,000 ndipo mupeza 1921, ngakhale kuti zikalata zina zimawerengera ndi 4,004. Satifiketi ya gawo lotchedwa Royal Arch imatha kukhala ndi A.I. 2451, ndipo pamenepo mumachotsa 530. Kawirikawiri chaka chenicheni chimalembedwanso penapake m'tizilembo ting'onoting'ono.

Sikuti chilichonse chotchedwa loji chinali cha a Freemason, ndipo kusokoneza zimenezi kwaipitsa mbiri ya mabanja ena popanda chifukwa. Mutu kapena nyanga za njati pamodzi ndi zilembo R.A.O.B. ndi za Royal Antediluvian Order of Buffaloes, bungwe la anthu apantchito wamba ndi asilikali, limene maudindo ake amalembedwa C.P., K.O.M. ndi R.O.H. Mfundo zitatu za unyolo zolumikizana, nthawi zina zokhala ndi F, L ndi T mkati, ndi za a Odd Fellows, amene cholinga chawo chachikulu chinali kuthandizana pa matenda ndi pa maliro. Zilembo I.O.G.T. ndi za a Good Templars, gulu lolimbana ndi kumwa mowa limene linkalandira amuna ndi akazi omwe, ndipo I.O.T.T. ndi za a True Templars, amene anali ofala pakati pa Akhristu akuda a ku South Africa. Chipewa chachitsulo cha msilikali chokhala ndi kandulo woyaka pamwamba ndi cha Memorable Order of Tin Hats, bungwe la asilikali opuma limene linayamba ku Durban mu 1927, ndipo nthambi zake zimatchedwa shellhole. Dzina la Moth Club, limene anthu a mu Blantyre amalidziwa ngati malo achisangalalo, linachokera ku bungwe limeneli. Kupeza chizindikiro cha limodzi la mabungwewa m'nyumba ya ku Sunnyside kapena ku Ndirande sikutsimikizira kuti nthambi yake inali mu Blantyre. Kumangokuuzani likulu limene muyenera kulifunsa.

M'nthawi ya atsamunda, mamembala a maloji a mtundu umenewu kuno anali makamaka azungu. Choncho ngati chithunzi kapena mendulo yapezeka m'katundu wa agogo amene anali Mmalawi, ganiziraninso njira zina zimene zikanafikira m'manja mwawo: mwina ankagwira ntchito paholo imene loji inkakumanira, mwina anapatsidwa ndi bwana amene ankabwerera kwawo, mwina analowa bungwelo ali kunja, kapena analowa dziko litalandira kale ufulu. Dzina lozokotedwa kumbuyo kwa mendulo ndi limene limathetsa mkangano umenewu.

Ngati intaneti ikukupatsani Blantyre wina

Ku Scotland kuli tauni ya Blantyre, kwawo kwa David Livingstone, ndipo nayo ili ndi maloji ake, monga Blantyre Kilwinning No. 557. Ofufuza ena amakopera mbiri ya maloji a kumeneko n'kuiika pa mzinda wathu. Pofufuza, nthawi zonse phatikizani nambala ya loji ndi dzina lakale la dziko, Nyasaland kapena British Central Africa, chifukwa mukalemba Malawi mudzangolandira mndandanda wa malo ogona alendo. Kaundula wa mamembala a maloji a ku England wofika chaka cha 1921 akupezeka pa Ancestry, webusaiti yofufuzira mbiri ya mabanja, koma wa ku Scotland muyenera kufunsa ku Edinburgh, ndipo polemba kalatayo tchulani dzina lonse la munthu, ntchito yake, nambala ya loji ndi zaka zimene mukuganizira.

Ngati bungwelo linali la anthu akuda

Mabungwe a makolo athu ndi amene amasowa kwambiri, chifukwa ambiri analibe likulu kunja limene likanasunga mayina, ndipo mabuku awo ankakhala m'nyumba ya mlembi. Komabe nawonso anasiya mapazi, kungoti anawasiya m'mafayilo a anthu ena. Mabungwe otchedwa Native Association, kuyambira la North Nyasa la mu 1912 mpaka la Southern Province ndi la Blantyre amene anadza pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ankatumiza mfundo za misonkhano yawo ku boma pofuna kuti madandaulo awo amveke. Ndi chifukwa chake mayina a apampando, alembi ndi asungichuma awo amapezeka m'mafayilo a Secretariat (likulu la boma la atsamunda), makamaka a mndandanda wa S1, ndi m'mafayilo a DC ku National Archives ku Zomba. Pofufuza kumeneko musangodalira dzina la bungwe, chifukwa kalaliki amene ankatsegula fayilo ankailemba mutu wa nkhaniyo, monga msonkho, maphunziro, misika kapena malo. Nthawi zambiri mumalipeza bungwe mwa kufufuza chimene linkadandaula.

Dzina la bungwe limodzi limatha kulembedwa mosiyanasiyana, ndipo mayina ofanana amatha kukhala a mabungwe osiyana. Bungwe la Alomwe limene Lewis Bandawe anatsogolera mu Blantyre kuyambira 1943 limatchulidwa ndi mayina osiyana pang'ono m'zolemba zosiyanasiyana, ndipo mafayilo akale a boma okhudza anthu omwewo amagwiritsa ntchito dzina lakuti Anguru, limene bungwelo linkalimbana nalo kuti lichotsedwe. Wofufuza amene sayang'ana pansi pa dzina lakalelo amaphonya theka la nkhani. Amenenso amaganiza kuti bungwe limeneli ndi limodzimodzi ndi Mulhako wa Alhomwe, umene unakhazikitsidwa poyera mu 2008, amalumikiza zinthu zolekana zaka zoposa 60. Chimodzimodzinso, bungwe likasowa m'mafayilo cha m'ma 1944 sizitanthauza kuti linafa, chifukwa m'chaka chimenecho mabungwe ambiri analowa mu Nyasaland African Congress, imene James Frederick Sangala anaikonza mu Blantyre ndipo Levi Mumba anakhala pulezidenti wake woyamba. Njira yotsimikizira ndi kutsata anthu: ngati mlembi ndi msungichuma ali omwewo pansi pa dzina latsopano, bungwelo langosintha dzina.

Pali mpata umodzi umene sungatsekedwe ndi mafayilo a ku Zomba. Moto umene unatentha maofesi a Secretariat mu 1919 unawononga zikalata zambiri za boma za zaka zoyambirira, kotero za mabungwe a nthawi imeneyo isanafike, monga Natives Industrial Union imene amalonda ndi alimi akuda anayambitsa mu Blantyre mu 1909, muyenera kuzifuna kwina. Makalata amene bwanamkubwa ankatumiza ku London ali m'mndandanda wa CO 525 ku National Archives ya ku Kew, ku London, zolemba za mishoni ya Blantyre zambiri zili ku National Library of Scotland, ndipo magazini ya mishoniyo, Life and Work in British Central Africa, inkalemba za magulu a mumpingo ndi a pasukulu.

Zithunzi za mayunifolomu zimanyenganso. Amuna ovala zoyera kapena zakhaki, okhala ndi mamendulo, mluzu ndi ndodo, amaganiziridwa kuti anali asilikali a King's African Rifles, chonsecho ena anali a magulu ovina beni, malipenga kapena mganda, amene anali ndi maudindo otengera kunkhondo ndi kuboma, ankasonkha ndalama, ndipo ankathandizana pa mavuto monga mabungwe ena onse. Yang'anani ngati pachithunzipo pali ng'oma kapena zipanda zoimbira, ndiponso ngati mayunifolomuwo ali ndi mabaji ofanana. Baji ya amayi nayo iyenera kuyerekezedwa kaye ndi za magulu a mumpingo, monga Mvano wa Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano cha Nkhoma, Umanyano wa Livingstonia, Mothers' Union ya Anglican, Lejiyo ya Akatolika kapena Dorika ya Seventh Day, musanaganize zakutali. Mabuku a magulu amenewa nthawi zambiri akadali m'maofesi a mipingo.

Ngati chinthucho chinachokera kunja

Amalawi ambirimbiri anagwira ntchito ku Joni, ku Salisbury (Harare wa lero), ku Bulawayo ndi ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ena kudzera ku Wenela ndi Mthandizi, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito, ena paokha. Kumeneko ankayambitsa mabungwe a maliro ndi a anthu ochokera boma limodzi, ndipo makadi awo anabwera nawo m'masutikesi. Khadi lokhala ndi mawu akuti Nyasaland silikutanthauza kuti bungwelo linali ku Nyasaland. Ndipotu bungwe lokhala kwawo silinkafunika kwenikweni kudzitchula choncho. Werengani dzina la kampani yosindikiza, limene limakhala m'munsi mwenimweni mwa khadi. Ngati ndi Hetherwick Press kapena Montfort Press ya ku Limbe, fufuzani kuno. Ngati keyala ya wosindikiza ndi ya ku Salisbury kapena Johannesburg, mbiri yake ili m'mafayilo a ku Harare kapena ku South Africa.

Ngati abale akukana kulankhula

Kukana kumeneku kuli ndi zifukwa zake ndipo sikuyenera kutengedwa ngati umbuli. Pamene boma la atsamunda linalengeza za ngozi pa 3 Malichi 1959 n'kuletsa Congress, khadi la umembala linali umboni womangitsa munthu, ndipo m'zaka za chipani chimodzi, makamaka a Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967, mabanja ambiri anaona kuti ndi bwino kutentha pepala lililonse la gulu losadziwika bwino. Masiku ano mantha ndi ena: mawu akuti loji kapena Freemason akangotchulidwa, anthu amaganiza za usatana, ndipo palibe amene amafuna kuti dzina la bambo ake likhudzidwe ndi mphekesera zotere pamudzi kapena kutchalitchi.

Chifukwa cha ichi, musayambe ndi kufunsa ngati malemu anali m'gulu lachinsinsi. Funsani zinthu zimene aliyense pakhomopo ankaziona: tsiku la sabata limene ankachoka madzulo, zimene ankavala, amene ankabwera kudzawatenga, ndi kumene ankati akupita. Koposa zonse funsani za maliro awo, chifukwa pamaliro ndi pamene bungwe lililonse la ubale limaonekera poyera. Ndani anagula bokosi, ndani ananyamula, ndani analankhula pambali pa mwinimbumba, amfumu ndi ampingo, ndipo kodi amayi amasiye analandira thandizo lililonse miyezi yotsatira? Buku la chipepeso, ngati linasungidwa, limatha kukhala ndi dzina lenileni la bungwe lolembedwa ndi msungichuma wake. Jambulani zinthuzo mbali zonse ziwiri pomwepo osazichotsa pakhomo, ndipo musaike mayina kapena nkhope pa Facebook eni ake asanalole. Zikakhala zokhudza gule wamkulu, dzerani kwa amfumu, lembani zimene eni ake akuvomereza kuti zilembedwe, ndipo za kudambwe zisiyeni. Mbiri ya malo imene mukufuna, monga mudzi umene unali ndi mzinda wa gule ndi nthawi imene unayamba, imanenedwa poyera.

Kutsimikizira musanalembe

Mu Blantyre momwemo, poyambira pabwino ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, kumene kuli mabuku, zithunzi ndi magazini ya bungwelo imene inayamba mu 1948 ndi dzina lakuti Nyasaland Journal. Nyuzipepala imene inayamba mu 1895 monga Central African Planter, n'kudzakhala Central African Times, kenako Nyasaland Times, inkasindikiza zidziwitso za misonkhano, zisankho za atsogoleri, madansi opezera ndalama ndi malipoti a maliro, ndipo m'masamba amenewa, amene ambiri amawadumpha, ndi mmene mumapezeka tsiku ndi malo okumanirana. Za mabungwe a anthu akuda yang'ananinso mu Msimbi, Bwalo la Nyasaland ndi Malawi News. Bungwe limene linali ndi holo kapena puloti linkafunika matrasti, anthu oliimira pa nkhani za katundu wake, choncho mayina awo angapezeke m'zikalata za malo ndiponso ku ofesi ya Registrar General, imene imasunga mabungwe olembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act la mu 1962. Ziliza za kumanda a HHI ndi manda ena akale zimathandiza kuona ngati chizindikiro chomwecho chikubwerezedwa pa anthu a ntchito imodzi kapena a zaka zofanana.

Muzinena kuti mwalizindikira bungwe pokhapokha maumboni awiri osachokera kumodzi akugwirizana pa dzina lake, pa malo ake ndi pa munthu mmodzi amene anali ndi udindo, mwachitsanzo mendulo ndi chidziwitso cha m'nyuzipepala, kapena khadi la msonkho ndi fayilo ya DC. Mabuku awiri amene lina linakopera linzake ndi umboni umodzi. Polemba zotsatira, koperani zilembo monga mmene zilili pachinthucho, ngakhale zikhale zolakwika kalembedwe, kenako tchulani kumasulira kwanu padera, zaka zoyambirira ndi zomalizira zimene bungwelo likuoneka m'zolemba, nambala ya fayilo kapena tsiku la nyuzipepala, ndiponso banja kapena ofesi imene ikusunga chinthucho, ngati eni ake alola kuti itchulidwe.